Uthenga woti oyeza matenda akulembera chipani maina: tiwayankhe bwanji makolo athu?

Bambo Banda (Mbare):
Abale ndi alongo, uthenga wamawu uja wafika tsopano m'magulu a WhatsApp a mabungwe a maliro ndi a chigwirizano cha amayi. Amene simunaumve musaupemphe, ndipo amene muli nawo musauponye muno. Ukunena kuti oyeza matenda amene amabwera ndi matenti m'malokeshoni a mu Harare muno akutenga magazi ndi zidindo za zala kuti adziwe chipani chimene munthu amavotera, kuti mayi akayezedwa khomo la chiberekero sabereka, ndiponso kuti ife amene makolo athu anachokera ku Malawi maina athu akupita ku Immigration. Wolankhulayo sakutchula dzina lake, kiliniki ngakhale tsiku. Muno muli odziwa za chipatala, za labu ndi za malamulo. Tithandizane mayankho oti munthu angathe kuwauza amayi ake akuphika, osati chizungu cha m'mabuku.

A Mwale (Mufakose):
Ndiyambe ndi magazi poti ndi amene akuopsa anthu kwambiri. Poyeza shuga amabaya nsonga ya chala ndi kasingano kogwiritsa ntchito kamodzi, n'kutenga kadontho kamodzi. Kadonthoko kamalowa m'kapepala kolowetsa m'makina ndipo nambala imatuluka mphindi imodzi isanathe. Poyeza HIV ndi dontho limodzi kapena awiri, mumadikira mphindi 15 mpaka 20. Kasinganoko kamaponyedwa m'bokosi la zobaya, kapepalako m'thumba la zinyalala za chipatala, zonse n'kukaotchedwa. Munthu ali ndi ufulu woona ndi maso ake kuti kasingano katsegulidwa pamaso pake ndipo kaponyedwa m'bokosimo.

Akatunga pamkono, kabotolo kamodzi kamatenga mamililita 4 kapena 5, ndiye kuti supuni yaing'ono ya tiyi, pomwe munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5 m'thupi. Magazi oti akathandize wodwala wina ndi nkhani ina. A National Blood Service Zimbabwe amatenga mamililita 450 kwa munthu amene wadzipereka yekha, m'thumba lokhala ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, n'kuwasunga m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 6. Dontho louma pakapepala lilibe ntchito kwa wina aliyense. Za chipanizo, palibe makina padziko lapansi amene angawerenge voti m'magazi.

Che Saidi (Epworth):
Zoona zonsezo a Mwale, koma tisawaseke akuluakuluwa. Mantha awo sanagwe kumwamba. Mu 2001 lamulo la unzika litasinthidwa, anthu ambiri obadwira muno, a m'mafamu ndi m'migodi makamaka, anapezeka ali alendo pa chitupa chawo, ndipo pa chisankho cha 2002 ambiri sanavote. Pamene ZEC, bungwe loyendetsa zisankho, inayamba kulembetsa ovota ndi zidindo za zala mu 2017, kumadera ena anthu ankafunsidwa manambala a timapepala tawo tolembetsera. Mu 2018 anthu analandira ma SMS a kampeni otchula maina awo, osadziwa kuti nambala yawo inapezeka bwanji. Mu 2023 kunali matebulo pafupi ndi malo ena ovotera olemba maina a anthu, mpaka oyang'anira chisankho a SADC anazitchula m'lipoti lawo. Ndiye munthu amene anaona zonsezi akaona tebulo, buku ndi cholembera pafupi ndi tenti, mukuti aganize chiyani? Tikayamba ndi mawu oti ndi umbuli, atseka makutu pomwepo.

Agogo Nkhoma (Tafara):
Che Saidi mwalasa. Ndipo nkhani ya magaziyi ndi yathu ya kumudzi ku Malawi, inabwera nafe pabasi. Nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, kuyambira 1968 mpaka 1970, kunamveka kuti boma likutumiza magazi ku South Africa kukabweza ngongole. Mu 2002, chaka cha njala, zinabweranso zoti magazi akusinthanitsidwa ndi chimanga. Mu 2017 anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osalakwa anaphedwa ndipo bungwe la UN linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Onani nthawi zake: njala, kapena ndale zitavuta. Palibe ngakhale kamodzi pamene anapeza mgolo wa magaziwo, koma maliro a anthu oganiziridwa analipo. Ana inu mukamayankha, akumbutseni akuluakulu zimenezi, amazidziwa bwino kuposa inu.

Mayi Nangozo (Dzivarasekwa):
Zikomo agogo. Ine ndifotokoze za amayi mwatsatanetsatane, chifukwa bodza la kusabereka limakula kaamba koti anthu sadziwa chimene chimachitika kuseri kwa katani.

Kuno timati VIAC. Mayi amagona chagada, namwino amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira yoberekera kuti khomo la chiberekero lioneke. Kachipangizoko kamakhala kapulasitiki kotaya, kapena kachitsulo kophikidwa m'makina ophera tizilombo. Kenako amapaka viniga wosungunula, wa mphamvu ya 3 mpaka 5 pa 100, ndi thonje, n'kudikira mphindi imodzi yathunthu. Malo amene maselo ayamba kusintha amayera. Amajambula khomolo ndi kamera kuti chithunzi chikulitsidwe pa kompyuta ndi kuti wina wodziwa athe kuchionanso. Kamera imaona khomo la chiberekero lokha, nkhope siioneka. Zonse zimatenga mphindi zosapitirira 15. Palibe jakisoni, palibe chodula, palibe chimene chimalowa m'chiberekero kapena kufika ku mazira. Viniga amangonyerenyetsa pang'ono.

Pakapezeka poyera, si khansa ayi, ndi malo amene angadzasanduke khansa akasiyidwa. Kwa mayi wa chitetezo chabwino zimatenga zaka 15 mpaka 20, kwa amene chitetezo chinatsika zaka 5 mpaka 10. Malo akakhala aang'ono amawaziziritsa ndi gasi kapena kuwaotcha ndi kachipangizo kotentha madigiri 100 kwa masekondi 20 mpaka 30 pa malo alionse. Akakhala aakulu kapena olowa mkati, amatumiza ku chipatala chachikulu monga Sally Mugabe kapena Parirenyatwa kukachotsa kachigawoko ndi kawaya, chimene amati LEEP. Akaona chotupa chokayikitsa amatenga kanyama kochepa kukayeza ku labu.

Mukabwerako mutaotchedwa, madzi amatuluka kwa milungu ingapo, zimenezo musadabwe nazo. Musakhale malo amodzi ndi bambo kwa milungu 4, musaikemo chilichonse, mankhwala achikuda ngakhale nsalu. Thupi likatentha, magazi akamatuluka ambiri, kapena zotuluka zikamanunkha, bwererani tsiku lomwelo. Pakatha miyezi 12 mukaonedwenso.

Naphiri (Mabvuku):
Achemwali, nenaninso chilungamo chonse pa za kubereka, chifukwa wina akadzamva kwina adzati tinabisa.

Mayi Nangozo (Dzivarasekwa):
Eya. Kuyeza kwenikweniko sikukhudza kubereka. Kuziziritsa ndi kuotcha nakonso sikuletsa kutenga pathupi. LEEP ndi imene imaonjezera pang'ono chiopsezo choti mwana abadwe masiku asanakwane, makamaka ngati anachotsa gawo lalikulu, n'chifukwa chake mayi akadzayamba sikelo awauze anamwino kuti anachitidwapo zimenezi. Chimene chimathetsadi kubereka ndi khansa yopezeka mochedwa, chifukwa pamenepo chithandizo chake ndi kuchotsa chiberekero kapena kuotcha ndi cheza.

Palinso zoti uje anapita ali bwinobwino, anabwerako ndi khansa. Khansayo inalimo kale, imayamba mwakachetechete yosapweteka. Mayi amene akutaya magazi akakhala ndi bambo, kapena wayambanso kutaya magazi atasiya kale kusamba, ameneyo asadikire tenti, apite kukiliniki sabata yomweyo. Ndipo kwa amayi opitirira zaka 50 viniga sakhulupirika kwenikweni, chifukwa malo ofunika kuonawo amalowa mkati. Iwowo afunse za kuyeza HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, kapena Pap smear, kumene amapala maselo a pakhomo la chiberekero n'kukawaona ku labu.

Za zaka: malangizo a WHO a 2021 amati kuyeza HPV kuyambe pa zaka 30, kubwereza pakatha zaka 5 mpaka 10. Amene ali ndi HIV ayambe pa 25, kubwereza pa zaka 3 mpaka 5, poti chiopsezo chawo ndi chowirikiza ka 6. Kumene akugwiritsabe viniga amabwereza pafupipafupi kuposa pamenepa. Tsatirani tsiku limene alemba pa khadi lanu.

Naphiri (Mabvuku):
Ndionjezere za HPV chifukwa yayamba kuswa mabanja. Kumakiliniki ena mayi amapatsidwa kamtengo ka thonje kuti adzitenge yekha zoyezazo kuseri. Zotsatira zikabwera kuti kachilombo kalipo, bambo amati wayenda ndi ndani, mayi amati ndinu mwabweretsa. Kachilomboka pafupifupi aliyense amene anagonanapo amakumana nako, kamatha kukhala zaka osaoneka, ndipo mwa anthu 10 alionse 9 thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka 2. Zotsatira sizinena tsiku limene kanalowa. Mitundu 16 ndi 18 ndi imene imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa imeneyi, ndipo katemera amene atsikana anayamba kulandira dziko lonse lino mu 2018 amalimbana ndi imeneyo. Ku Malawi anayamba mu 2019. Maiko awiri, maboma osiyana, katemera wa matenda amodzimodzi. Wonena kuti ndi pulani ya chipani atiuze kuti chipani chake chiti.

Tsopano za maina, pamene pagona nkhani. Pa zochitika zambiri za m'matenti pamakhala mabuku awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba ndi la namwino, lili mkati momwe akuyezera. Amalemba dzina, zaka, kumene mukukhala, nambala ya foni ndi zotsatira. Nambalayo ndi yofunika, chifukwa zotsatira za HPV kapena za kanyama kotumizidwa ku labu sizituluka tsiku lomwelo, ndipo amayi ambiri amatayika pamenepa: anayezedwa, zotsatira zinabwera, wowaimbira anasowa pogwira. Ena chifukwa cha mantha amapereka nambala yabodza, akudzipweteka okha.

Lachiwiri ndi la okonza mwambo, limakhala pageti kapena pamene akugawa zakumwa ndi masikipa. Ilo si la chipatala. Simukakamizidwa kulembamo, ndipo kukana sikuchotsa ufulu wanu woyezedwa. Wina akafunsa nambala ya chitupa ndi malo amene mumavotera, funso limenelo lilibe chochita ndi BP yanu. Mungoyankha mwaulemu kuti ndabwera kwa anamwino, ndikalembetsa mkati.

Che Saidi (Epworth):
Apa ndiye tikugwirizana Naphiri. Yankho lathu lisakhale lakuti palibe amene amalemba maina, chifukwa anthu amaona okha akulemba. Likhale lakuti dziwani buku limene mukulembamo.

Pa zidindo za zala: kubaya chala si kudinda chala. Kulembetsa kwa ZEC kumafuna kuti muike zala pa galasi la makina, akujambuleni nkhope, muonetse chitupa ndi umboni wa kumene mukukhala. Dontho la magazi silipereka chilichonse mwa izi. Ndipo ngakhale kaundula wa ZEC yemweyo amangosonyeza kuti munalembetsa ndi kumene mumavotera, sasonyeza pamene munachonga. Pepala lovotera simulembapo dzina.

Pa Immigration: gawo 43 la malamulo aakulu a 2013 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake limodzi linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Mozambique kapena Zambia, ndipo ankakhala muno nthawi imeneyo, ndi nzika yobadwa nayo. Ambiri mwa makolo athu akunjenjemera ndi chitupa chakale cholembedwa kuti mlendo pamene lamulo linawamasula kale, changotsala n'kukasintha ku ofesi yopereka zitupa ya Civil Registry. Gawo 76 limapereka ufulu wa chithandizo choyambirira kwa nzika ndi okhazikika, ndipo limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Makiliniki a m'malokeshoni ali pansi pa khonsolo ya Harare ndi unduna wa zaumoyo, Immigration ili ku Home Affairs. Lamulo la 2021 loteteza mbiri ya anthu limaika za umoyo m'gulu la zinsinsi zofunika kusamala kwambiri, ndipo madandaulo amapita ku POTRAZ, bungwe loyang'anira za matelefoni ndi mauthenga. Namwino woulula za wodwala amayankha ku Nurses Council.

Chimodzi tivomereze: matenda monga kolera, taifodi ndi TB amanenedwa ku akuluakulu a zaumoyo, ndipo azaumoyo amatha kubwera kunyumba kudzaona amene mukukhala nawo. Amene ali ku Glen View ndi Budiriro anaziona mu 2018. Akubwerera matendawo, osati chitupa.

Koma ine maganizo anga ndi oti tiwauze anthu apite kukiliniki ya khonsolo basi, matenti a andale awasiye.

Mayi Nangozo (Dzivarasekwa):
Pamenepo ndiye sindikuvomerezani Che Saidi. Mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika kuti atseke benchi tsiku lonse, alipire kombi, akaime pamzere, n'zovuta. Galimoto yoyezera ikaima pafupi ndi kwawo Loweruka, mwina ndi mwayi wokhawo umene angaupeze m'zaka 5. Magalimoto ena ndi a unduna, ena a mabungwe, ena a matchalitchi, ena monga a Angel of Hope Foundation ndi a mayi wa fuko, ndipo palibe amene sadziwa kuti dzina limenelo lili pafupi ndi ndale. Koma viniga ndi yemweyo, ndipo ogwira ntchito mkatimo ayenera kukhala anamwino olembetsedwa. Wandale akapezerapo kutchuka, zake zimenezo, voti mukaponya nokha. Tikawaletsa amayi kupita, amene adzagone ku Parirenyatwa si wandaleyo.

Vuto lenileni la matenti si ndale, ndi mawa lake. Tenti imanyamuka madzulo. Ndiye funsani musanagone pabedi: mukapeza poyera mundithandiza lero lomwe kapena munditumiza kuti? Zotsatira ndikazitenga kuti, liti? Musachoke opanda khadi kapena kalata yolembedwa zimene apeza, tsiku, ndi kiliniki imene mukapitirize.

Che Saidi (Epworth):
Ndamva achemwali. Komabe pamene pali nyimbo za chipani ndi kukweza zibakera musanalowe, munthu amene sakufuna kuoneka pamenepo tisamunene kuti ndi wamantha. Timuuze kwina kumene angapite.

Mayi Nangozo (Dzivarasekwa):
Izo n'zoona. Aliyense afunse ku polyclinic ya kwawo masiku amene amachita VIAC, ndipo amene amatenga ma ARV afunse pomwe amatengerapo, chifukwa nthawi zambiri zimayendera limodzi.

A Mwale (Mufakose):
Pali chinanso chimene chimadyetsa mphekesera: zotsatira zolakwika. Munthu amauzidwa patenti kuti BP yakwera, mawa kukiliniki ili bwino, ndiye amati ankafuna kundipatsa matenda. Zifukwa zake n'zodziwika. Munthu waima padzuwa maola awiri, chikhodzodzo chadzaza, akulankhula pamene akumuyeza, mkono uli lende, kapena lamba ndi wamng'ono pa mkono waukulu, zonsezi zimakweza nambala. Kuyeza koyenera: khalani pansi mphindi 5 mutatsamira, mapazi pansi osapingasa, mkono patebulo molingana ndi mtima, lamba pakhungu osati pamwamba pa juzi, osasuta kapena kumwa khofi mphindi 30 zapitazo. Nambala ya 140/90 kapena kuposa iyenera kupezeka masiku awiri osiyana asananene kuti muli ndi BP. Koma ikafika 180/120, makamaka mutu ukamapweteka kwambiri, maso akamachita chidima kapena pachifuwa pakamapweteka, imeneyo ndi ya kuchipatala nthawi yomweyo.

Shuga nayenso. Munthu wangosenda lalanje kapena wagwira kapu ya Mazoe, shuga ali pachala, makina awerenga wa pachalayo. Sambani m'manja ndi sopo, muumitse. Timapepala totha ntchito kapena tokhalitsa m'galimoto yotentha timanamanso. Nambala zoyenera kuzidziwa ndi 7.0 kapena kuposa mutagona osadya maola 8, ndi 11.1 kapena kuposa nthawi ina iliyonse ngati muli ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuonda. Ya pachala imangochenjeza, yotsimikiza ndi ya ku labu.

Ndipo akakupatsani mapiritsi a BP a mwezi umodzi patenti, musaganize kuti akatha mwachira. Pitani nawo kukiliniki asanathe kuti akulembeni m'buku la odwala BP.

A Mbewe (Highfield):
Akuluakulu, chodabwitsa n'chakuti anthu omwe akuthawa anamwinowa ndi amene akulipira madola kwa anyamata a makina ogwira m'manja aja. Umagwira kachitsulo mphindi imodzi, kompyuta n'kutulutsa mapepala oti chiwindi, impso, mafupa, zonse zaonongeka, kenako akugulitsa mabotolo a mankhwala pomwepo. Makina amenewo sayeza kanthu. Chizindikiro chake n'chosavuta: woyeza ndi wogulitsa ndi munthu mmodzi, ndipo palibe amene amatuluka ali bwino. Dokotala weniweni amalembetsedwa ku Medical and Dental Practitioners Council, mankhwala ovomerezeka ku bungwe loona za mankhwala la MCAZ, ndipo kufunsa kuti mwachokera chipatala chiti si mwano.

Za uthenga wamawuwo, poyamba onani ngati pamwamba pake pali timivi tiwiri, kusonyeza kuti wadutsa m'manja ambiri. WhatsApp kuyambira 2020 imalola kutumiza uthenga woterewu ku malo amodzi okha pa nthawi, ndiye ena amausunga n'kuutumiza ngati watsopano kuti timiviti tichoke. Kusowa kwa timivi si umboni woti ndi woona. Mvetserani ngati watchula malo, tsiku ndi dzina loti mungalifufuze. Mukamva kuti mnzanga wa mlamu wanga amagwira ntchito mkati momwemo, ndiponso tumizani msanga asanaufufute, dziwani kuti wakonzedwa kuti muthamange musanaganize. Chithunzi chiikeni pa Google Lens, chida chofufuzira kumene chithunzi chinachokera, nthawi zambiri mupeza kuti ndi chakale kapena cha dziko lina. Kalata yooneka ngati ya unduna muifananize ndi masamba enieni a unduna wa zaumoyo kapena a khonsolo, muonenso ngati a ZimFact, ofufuza zoona za nkhani, analembapo.

Cholakwika chimene ambiri timachita ndi kuutumiza ku gulu lina n'kulemba pansi kuti kodi n'zoona izi? Anthu amamvera uthengawo, funso lanu saliwerenga.

Bambo Banda (Mbare):
Mphwanga wanena zoona. Funso lina labwera kumbali kuchokera kwa abambo amene sakufuna kutchulidwa. Akuti kodi kuyeza prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, n'koona kuti kumathetsa mphamvu za m'nyumba?

A Mwale (Mufakose):
Ayi bambo. Poyamba ndi magazi a pamkono, amati PSA. Nthawi zina dokotala amapimanso ndi chala chovala gulovu kudzera kumbuyo, masekondi ochepa, ndipo amayamba wapempha. Zonse ziwiri sizikhudza mphamvu. Chimene chingakhudze ndi opaleshoni kapena mankhwala ena a khansayo ikapezeka, ndipo zimenezo mumakambirana ndi dokotala musanavomere.

Koma PSA ndi yoyenera kuimvetsa. Ikapitirira 4 ambiri amatumizidwa kukaonedwanso, komabe imakweranso ndi matenda a m'chikhodzodzo, kukula wamba kwa prostate kobwera ndi ukalamba, kupalasa njinga mtunda wautali, kapena kukhala ndi mayi m'maola 48 apitawo. Ambiri amene PSA yawo yakwera alibe khansa. Ndiye munthu asagulitse mbuzi chifukwa cha pepala limodzi la patenti, abwereze pakapita milungu ingapo. Ife anthu akuda chiopsezo chathu n'chokwera, choncho kuyambira zaka 45 ndi bwino kukambirana ndi dokotala, makamaka ngati bambo anu kapena mbale wanu anadwalapo.

Naphiri (Mabvuku):
Mphekesera ina yolumikizana ndi imeneyi ndi yoti palibe chifukwa choyezetsa HIV poti Amereka anatseka thandizo, mankhwala atha. Mbali yoona ilipo: pa 20 Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lakunja, ndipo mapulogalamu ambiri muno anagwedezeka, antchito ena anaima. Koma ma ARV a muno sadalira thumba limodzi. Pali Global Fund, palinso AIDS levy ya 3 pa 100 ya msonkho imene inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo imayendetsedwa ndi National AIDS Council. Funso loti mankhwala alipo kapena ayi limayankhidwa pa zenera la kiliniki yanu, osati pa foni. Choopsa n'chakuti anthu akamva zotere amayamba kudumphitsa masiku kuti mapiritsi akhalitse kapena kugawana ndi mnzawo, ndipo pamenepo kachilombo kamazolowera mankhwala.

Amene akuopa kulembedwa angayambe ndi kodziyeza wekha ka m'kamwa. Mumapaka pa nkhama za m'mwamba ndi za m'munsi kamodzi, kuika m'kabotolo, kuwerenga pakatha mphindi 20 koma zisanakwane 40. Mizere iwiri ikatuluka mukatsimikize kukiliniki. Amene ali kale pa ma ARV asakagwiritse, kamatha kusonyeza mzere umodzi munthu n'kuganiza kuti wachira. Ndipo ngati chiopsezo chinachitika posachedwa, bwerezani pakatha miyezi 3.

Agogo Nkhoma (Tafara):
Zonsezi n'zabwino, koma mukazilemba chonchi anzanga sawerenga, maso anatha. Bodzalo linabwera ndi mawu, m'chilankhulo chathu, ndi liwu la munthu wooneka ngati akutimvera chisoni. Yankho libwerenso ndi mawu. Ndipo amene anatumiza musamudzudzule pagulu, makamaka ngati ndi wamkulu wa mpingo kapena wa bungwe la maliro. Akachita manyazi aumirira. Muimbireni pambali, mumupatse moni wokwanira, mumufunse kuti chakuopsani kwambiri n'chiti. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akamvetsa, mpempheni kuti akonze yekha pagulupo, anthu amvera iye kuposa inu.

A Mbewe (Highfield):
Agogo, nanga tikawaopseza kuti kufalitsa uthenga wabodza ndi mlandu? Lamulo la 2021 lija lili ndi gawo lotero.

Che Saidi (Epworth):
Usayerekeze mphwanga. Munthu akuopa kale kuti boma likumulemba, iwe n'kumuuza za apolisi, watsimikiza bodza lija ndi pakamwa pako. Angotuluka m'gulu n'kukapitiriza kumene ife kulibe.

Bambo Banda (Mbare):
Ndiye tichite chonchi. Uthenga wathu ukhale wamawu, usapitirire mphindi 2, wina m'Chichewa wina m'Chishona kaamba ka adzukulu ndi apongozi. Wolankhula adzitchule dzina ndi lokeshoni yake, poti winayo anabisala. Uyambe ndi zoona zake, kuti kuyeza kumapeza matenda asanakule ndipo magazi otengedwa ndi dontho lotayidwa pamaso panu. Bodzalo litchulidwe kamodzi kokha mwachidule, osabwereza mawu ake oopsa. Kenako za mabuku awiri aja, ndi mawu oti munthu anene pageti. Tisatchule chipani chilichonse, chabwino kapena choipa. Za amayi alankhule Mayi Nangozo paokha mu uthenga wina wopita ku magulu a amayi, chifukwa pali mawu oti sangamveke bwino apongozi aamuna ali pomwepo.

Mayi Nangozo (Dzivarasekwa):
Ndijambula madzulo ano. Ndiikamonso zoti abwere atavala siketi kapena chitenje, atenge khadi lakale ngati anayezedwapo, ndiponso kuti amene ali kumwezi magazi akutuluka ambiri adikire athe kaye chifukwa khomo silioneka bwino. Woyembekezera anene asanagone pabedi, chifukwa kuotcha kapena kuziziritsa sachita munthu ali ndi pathupi. Amene sakufuna kuonedwa ndi namwino wamwamuna anene pakhomo pomwe, kapena apemphe kuti mayi wina akhalepo.

Naphiri (Mabvuku):
Masiku a VIAC amasiyana kiliniki ndi kiliniki ndipo amasintha, ndiye tisalembe za m'mutu. Aliyense afunse kwawo sabata ino, za masiku, nthawi yoyambira ndi ngati pali cholipira pa khadi, abweretse muno pofika Lachisanu. Ine nditenga Mabvuku ndi Tafara. A Mwale Mufakose ndi Kambuzuma, a Mbewe Highfield ndi Glen Norah. Che Saidi, Epworth ili ndi bodi yakeyake, si ya khonsolo ya Harare, ndiye mufunsenso ngati malipiro ake ndi ofanana.

Che Saidi (Epworth):
Ndifunsa. Mbare ndi Dzivarasekwa mwasiyira ndani?

Bambo Banda (Mbare):
Mbare ndi ine, ndikafunsa ku polyclinic ndi ku Edith Opperman. Dzivarasekwa Mayi Nangozo alipo.